Fayilo ya Mvula ya pa Mulunguzi

Tamanda ndi Yamikani, ana anga, mwakhala mukundiseka kuti ndikayamba kukamba za makompyuta sindiona kuti omvera atopa. Ndavomera. Koma popeza tsopano ndapuma pa ntchito ndipo zala zikadali ndi mphamvu, ndati ndikulembereni nkhani imodzi ya ku ntchito imene mpaka lero ndikaikumbukira mtima umagunda ngati wa mtsikana. Za ubwana wanga mukafunse azakhali anu ku Chikamveka, ali nazo zambiri ndipo amathirako mchere. Ine ndiyambira pa kalata ya ntchito.

Chaka choyamba

Ndinalembedwa ngati wotayipa pa bungwe lina laling'ono lofufuza za mitengo ndi madzi a paphiri la Zomba. Ofesi yake inali nyumba yakale ya njerwa m'munsi mwa phiri, denga lake lodontha pakona imodzi. Ndinkachita lendi kachipinda ku Matawale, ndipo m'mawa uliwonse ndinkayenda wapansi, nsapato za ku ofesi zili m'jumbo kuopa fumbi. Bwana wathu anali a Kalinde, munthu wamtali, mkulu wa mpingo, wosakonda mawu ambiri. Tsiku loyamba anandiloza tayipulaita ndi mulu wa makope n'kunena kuti, "A Felista, mawu mukalakwitsa tikhululuka. Nambala ayi." Manambalawo anali a mvula ndi a kuchuluka kwa madzi mu mtsinje wa Mulunguzi, umene tauni yonse imamwa. Amene ankawalemba anali a Mbalule, bambo amene ankakhala pamwamba pa phiri. M'mawa uliwonse ankayendera zoyezera mvula m'nkhalango n'kulemba m'makope. Mwezi ukatha makope ankatsika, ine n'kutayipa, makope n'kubwerera kumtunda. Riboni ikatha tinkadikira masabata, mwakuti ndinaphunzira kuikulunga chobwerera kuti igwire ntchito kachiwiri, ngakhale zilembo zinkatuluka zotuwa.

Patatha zaka khumi ndi ziwiri

Makompyuta atabwera, anzanga ambiri ankawaopa. Ine ndinkadya nkhomaliro mwamsanga kuti nditsale ndi nthawi yodinadina. Posakhalitsa aliyense chikamuvuta ankangokuwa kuti, "Itanani a Felista!" A Kalinde ataona zimenezi anandichotsa pa kutayipa n'kundipatsa udindo woyang'anira makompyuta onse. Pa mpando wanga wakale panakhala a Mayi Likoswe, mayi wamasiye wa ana anayi, wachangu pa zala koma wamantha ngati njiwa.

Makompyuta athu anali a mitundu iwiri. Ena anali a m'maofesi akutsogolo, olembera makalata ndi kulowetsera manambala. Ena anali a m'chipinda cha kuseri, a asayansi, ndipo mwini wa chipinda chimenecho anali a Dokotala Jafali, katswiri wa za madzi, Myao wa kuno ku Zomba konkuno amene anakaphunzira kunja. Anali munthu wanthabwala, koma pa makompyuta ake sankafuna dzanja la munthu wina. Mitundu iwiriyi sinkamvana. Ukafuna kupereka fayilo kuseri, unkaiika pa disiketi n'kuyenda nayo m'khonde. Zotsatira zake, lipoti limodzi linkapezeka malo asanu, lina lolembedwa "lomaliza", lina "lomaliza lachiwiri", lina "lomaliza lenileni", ndipo palibe ankadziwa loona lake. Tsiku lina a Kalinde anawerenga lipoti lakale pamaso pa alendo, n'kubwerako thukuta lili kamukamu.

Chaka cha seva

Anthu ena otithandiza anatipatsa kompyuta yaikulu yosungira mafayilo a anthu onse, imene timaitcha seva, ndipo ine ananditumiza ku Blantyre masabata atatu kukaphunzira kaikidwe kake. Ana anga, sindinasangalalepo ndi sukulu ngati nthawi imeneyo. Ndinaphunzira kuti seva imodzi itha kulankhula ndi makompyuta osiyana, uliwonse mwa njira yake. A m'maofesi akutsogolo amafika pa seva kudzera njira yotchedwa SMB, a asayansi kudzera ina yotchedwa NFS. Mafayilo ndi omwewo, malo ndi amodzi, njira zokha ndizo ziwiri. M'minibasi pobwerera ndinkajambula mawaya kuseri kwa kope, mpaka kondakitala anachita kundigwedeza kuti tafika pa depoti.

Tinakoka mawaya m'denga ndi kalipentala, kukumana ndi makoswe ndi mileme. Tsiku loyesa ndinapempha a Dokotala kuti aike chithunzi cha damu pa seva ali kuseri, ine n'kuthamangira ku ofesi ya a Kalinde.

"Bwana, tadinani apa."

Anadina. Damu la Mulunguzi linatulukira pa sikirini, madzi ali phee, mitengo ya paini m'mbali.

"Chachokera kuti chimenechi?"

"Kuseri, bwana. Popanda disiketi."

Anavula magalasi, kuwapukuta, kuvalanso. Kenako anaimirira n'kupita okha kuseri kukaona ngati sitikuwanamiza. Pobwera ankaseka mokweza, ndipo aka kanali koyamba kuti ndione mano awo onse.

Chisangalalo chisanathe, mavuto anayamba kutulukira limodzilimodzi, ndipo kunena zoona ine ankandikoma, chifukwa lililonse linali ngati mwambi woti ndimasulire. Loyamba linali la mayina. Kwa makompyuta a asayansi, "Mvula" ya chilembo chachikulu ndi "mvula" ya chilembo chaching'ono ndi mafayilo awiri osiyana. Kwa a kutsogolo, limenelo ndi dzina limodzi. A Mayi Likoswe ankatsegula fayilo n'kupeza zina, a Dokotala n'kulumbira kuti zimene aika ndi zina. Zinanditengera masiku atatu kuti ndizindikire, ndipo nditazindikira ndinalemba lamulo n'kumata pakhoma: mayina onse zilembo zing'onozing'ono. Lachiwiri linali la umwini. Njira ya kutsogolo imadziwa munthu ndi dzina lake, ya kuseri imamudziwa ndi nambala. Manambala atasemphana, seva inakana kuwatsegulira a Kalinde lipoti lawolawo, n'kumati mwini wake ndi munthu wina amene anasiya ntchito kalekale. "Ndiye kuti bwana pano ndi makinawa?" anandifunsa. Ndinakhala pansi n'kulinganiza dzina lililonse ndi nambala yake, vuto n'kutha. Ndinayamba kudziona ngati palibe chingandigonjetse.

Dzinja lotsatira

Mvula itayamba, mphenzi inagwa pafupi ndi ofesi n'kuwotcha makina amene ankakopera mafayilo athu pa tepi kuti tikhale ndi osungira. Ndinalemba kalata yopempha ena, koma anati tidikire. Choncho zonse zimene zinalowa mu seva kuyambira tsiku limenelo zinalibe kwina kumene zinasungidwa.

Nthawi yomweyo kunabwera nkhani yaikulu. Anthu ena odula matabwa anapempha kuti adule mitengo yonse ya m'mphepete mwa mtsinje kumtunda kwa damu, ndipo akuluakulu anaitanitsa msonkhano kuti amve mbali zonse. A Kalinde anayenera kukaonetsa, ndi manambala, mmene madzi anachepera zaka zimene mbali ina ya nkhalango inapsa. Manambala amenewo anali m'makope akalekale a a Mbalule, olembedwa ine ndisanayambe ntchito, amene sanatayipidwepo. Makope anatsika, ndipo a Mayi Likoswe anakhala masabata asanu ndi limodzi akuwalowetsa pang'onopang'ono, pakati pa ntchito zina, mu fayilo imodzi yaikulu. Kope likatha linkabwerera kumtunda.

Linali Lachisanu. A Dokotala anali ndi pulogalamu yawo imene inkawerenga fayilo ya mvula, kuisanja bwino, n'kuilembanso pamalo pomwepo. Inkatenga nthawi, ndiye anaiyatsa n'kunyamuka kupita ku mzikiti. Kutsogolo, a Mayi Likoswe anali pa kope lomaliza. Cha m'ma wani koloko anaseva ntchito yawo n'kukadya. Pobwera anatsegula fayilo ija, ndipo ndinangomva, "Mayo ine! A Felista, tabwerani!" Pa sikirini panali zilembo zosadziwika, timabokosi, manambala oduka pakati. Fayilo yonse inali phala. Msonkhano unali utatsala masiku khumi ndi awiri.

A Kalinde sanakalipe, ndipo n'chimene chinandiopsa. Anandiitana mu ofesi n'kutseka chitseko.

"Womaliza kugwira fayiloyi ndi ndani?"

"Seva ikuonetsa dzina la a Mayi Likoswe, bwana."

"Ndiye mundilembere zimenezo Lolemba, musaine. Ndiwaimitsa ntchito. Ndinanena kale za manambala pano."

Potuluka ndinawapeza a Mayi Likoswe atakhala pa sitepe, chitenje chili kumaso. "Ine ndinangodina poseva, mmene ndimachitira masiku onse," anatero. "Kapena zala zanga zakalamba, a Felista?"

Loweruka m'mawa ndinapita ku ofesi ndekha n'kutsegula kaundula amene seva imalemba wa zonse zochitika. Ndinatsata mzere ndi mzere ndi chala. Pa mphindi imodzimodziyo, fayilo ya mvula inalembedwa kuchokera mbali ziwiri, kutsogolo ndi kuseri. Ndinatenga buku langa la ku Blantyre. Munthu wa kutsogolo akatsegula fayilo, njira ya SMB imaika loko, kuti mnzake wa kutsogolo akafuna kulembamo auzidwe kuti adikire. Koma mmene ndinaikira seva yathu, pulogalamu yobwera kudzera njira ya NFS lokoyo sinkamuona n'komwe. Inangolowa n'kulemba pamwamba pa zimene a Mayi Likoswe ankaseva. Chenjezo lake linalimo m'buku, tsamba lathunthu, ndipo pakona pake panali kanyenyezi kamene ndinajambula ndekha ndi mawu akuti "ndidzawerengabe".

Ndikuuzeni zoona, poyamba ndinalumpha ndi chimwemwe kuti ndapeza chimene chinachitika. Ndinawomba m'manja ndekhandekha m'chipinda muja. Kenako ndinazindikira kuti wolakwa ndamupeza ndipo ndi ine. Palibe wina pa bungwe lonse akanatha kuwerenga kaundula uja. Ndikanangosaina kalata, nkhani ikanathera pomwepo. Iwe Tamanda unali utangoyamba sekondale, Yamikani akadali wamng'ono, ndipo ntchito ya bambo anu inali yapakanthawi. Lamulungu titabwera ku tchalitchi ndinawafotokozera bambo anu zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto n'kundifunsa funso limodzi lokha: "Mukasaina, Lolemba linalo mudzadutsa bwanji pa Matawale pamene ana a mayi aja amagulitsa mandasi?"

Lolemba ndinalowa mu ofesi ya a Kalinde ndi buku m'manja, osati kalata. Ndinapempha kuti a Dokotala ndi a Mayi Likoswe akhalepo. Ndinafotokoza za loko, kuwaonetsa kaundula, kuwaonetsanso kanyenyezi kanga.

"Ndiye mukuti wolakwa ndi inu?" anafunsa a Kalinde.

"Ndine, bwana. A Mayi Likoswe anachita zoyenera, a Dokotala anachita zoyenera. Amene analola anthu awiri kulemba malo amodzi osaonana ndi ine."

A Kalinde anatseka buku lija. Kenako anati, "Kalata ya chenjezo mulandira, ndipo ikhala mu fayilo yanu. Sevayo tiithimitse, tibwerere ku madisiketi."

"Kalatayo ndilandira, bwana. Koma seva musathimitse. Ndipatseni masiku anayi ndi galimoto yokatisiya kuphiri. Manambala aja akadalipo m'makope."

A Mayi Likoswe anayankhula koyamba tsiku limenelo. "Nane ndipita nawo." A Kalinde anavomera.

Masiku anayi paphiri

Makope sakanatsikanso. Ena anali atanyowa pobwerera kumtunda, inki n'kufalikira, ndipo amene akanatha kuwawerenga anali mwini wake yekha. A Mbalule nawo sakanasiya zoyezera mvula pakati pa dzinja. Ndiye tinakwera ife, titabwereka makompyuta awiri a m'manja ndi batire ya galimoto. Msewu wa kuphiri unali woterera, nkhungu ili mbuu, dalaivala akungoliza hutala pakona iliyonse.

A Mbalule anatilandira pakhomo pa kanyumba kawo ka matabwa. Tsitsi linali litayera, ndipo ngakhale ndinatayipa manambala awo zaka zonsezo, aka kanali kachitatu kokha kuonana nawo maso ndi maso. Nditawafotokozera, anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye makina a ku tauni adya mvula yanga? Musadandaule, amayi, mvula imeneyo ndinainyowa ndekha, ndikuidziwa."

Sindinagwirepo ntchito yokoma ngati imeneyo. M'mawa tinkawaperekeza koyeza mvula, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona ndi maso kumene manambala anga ankachokera: chitini chokhala ndi fanulo, choimikidwa pakati pa udzu, ndi thabwa la mizere loima mu Mulunguzi, madzi ozizira ngati ayisi akuliwomba. Tikabwerako tinkakhala pakhonde. A Mayi Likoswe ankatayipa makope owerengeka bwino, ine n'kumatayipa onyowa aja, a Mbalule akundiwerengera mokweza ngati akulengeza nyimbo m'tchalitchi. Pena ankaima n'kuyang'ana tsamba chapendeka.

"Iyi ndi seveni kapena wani?" ndinkafunsa.

"Seveni. Tsiku limeneli mlatho wa matabwa unakokoloka, ndinawoloka madzi ali m'chiuno. Wani sangakokolole mlatho."

Pamene sankakumbukira ankanena poyera kuti, "Apa siyani pabwalo, sindinama," ndipo tinkasiyadi mpata. Akazi awo ankatibweretsera mabulosi m'mbale ndi mbatata yootcha, zala zathu n'kufiira, makiyi a kompyuta n'kufiiranso. Batire ikatha, dalaivala ankatsika nayo kukatchaja, ife n'kumasanja makope podikira. A Mayi Likoswe, amene ku ofesi mawu awo sankamveka, kuphiri kuja ankayimba nyimbo za kwaya akutayipa, a Mbalule n'kumathira besi. Tsiku lachinayi masana tinafika pa tsamba lomaliza. Ndinaseva fayilo malo atatu osiyana, a Mayi Likoswe n'kuliza nthungululu imene inamveka mpaka kutsidya kwa mtsinje.

Msonkhano unachitika pa tsiku lake. Ine sindinapiteko, koma a Kalinde pobwera anaima pakhomo pa chipinda changa n'kunena kuti, "Mitengo ya m'mphepete mwa mtsinje yatsala. Adula ya kutali yokha." Kalata ya chenjezo anandipatsabe tsiku lomwelo, ndipo sindinadandaule.

Sabata yotsatira

Ntchito imene inatsala inali kukonza seva, ndipo apa panafunika kulimbana ndi a Dokotala. Ndinali nditawerenga buku lonse tsopano, mpaka masamba a kumapeto. Njira yodalirika imene ndinaipeza inali yakuti pa mafayilo amene anthu a mbali zonse amalembamo, wolemba aliyense adzere njira imodzi. Ya NFS ikhale yowerengera basi. Makompyuta a asayansi akafuna kulemba, nawonso adzere SMB, kuti loko aliyense azimuona.

"Ayi, a Felista," anatero a Dokotala. "Njira yanuyo ndi yochedwa. Makina anga adzakhala ngati ngolo."

"Adzachedwa pang'ono, a Dokotala, sindikana."

"Ndiye muwauze a kutsogolo asamagwire fayilo Lachisanu."

"Lero tikuti Lachisanu, tsiku lina zidzachitika Lachiwiri, wina adzaiwala. Inu munakwera nafe kuphiri?"

Anandiyang'ana, n'kuseka. "Mwandigwira pakhosi. Koma ndione ndi maso anga kuti zikugwira. Zikakanika, mundibwezere njira yanga."

Tinapangana kuyesa Lachisanu lomwelo asanapite ku mzikiti. Ndinakopera fayilo ya mvula pambali, kuopa kubwereza tsoka. Nkhani inamveka ofesi yonse, ndipo anthu anadzaza m'khonde, a Kalinde ali pakati manja kumbuyo. A Mayi Likoswe anakhala pa mpando wawo kutsogolo, a Dokotala kuseri, ine ndinaima pakati pa khonde pamene onse akanandimva.

"A Mayi Likoswe, tsegulani!"

"Ndatsegula!"

"Lembanimo nambala iliyonse, koma musatseke. A Dokotala, yatsani!"

Kunali zii. Kenako kuseri kunamveka mpando ukukhwekhwereza, a Dokotala n'kutulukira pakhomo maso ali tong'o.

"Yakana! Ikuti fayilo ili m'manja mwa munthu wina!"

"A Mayi Likoswe, sevani mutseke! A Dokotala, yesaninso!"

Anathamangira mkati, munthu wamkulu wa madigiri ake, kanzu yawo ya ku mzikiti ikukupiza. Patapita kanthawi anakuwa kuti, "Yalowa! Ndipo nambala ya mayi ija ilimo!"

Ndinavula nsapato n'kuvina m'khonde la ofesi, pamaso pa bwana, ndili mayi wa ana awiri. A Mayi Likoswe anabwera kudzandikumbatira, a Dokotala akuthokoza m'Chiyao kuti, "Sikomo kwejinji, a Felista, sikomo!" A Kalinde anayesetsa kuumitsa nkhope koma zinakanika. Anati, "Tabwerezani. Ndikufuna ndione ikukana." Tinabwereza kanayi, ndipo ulendo uliwonse makina akakana anthu ankawomba m'manja ngati chigoli chalowa. A Dokotala tsiku limenelo anachita kukwera kabaza kuti asachedwe ku mapemphero.

Seva imeneyo ndinaiyang'anira mpaka inakalamba, n'kubwera ina, n'kubweranso ina, ndipo fayilo sinasokonekerenso chifukwa cha anthu awiri kulemba pamodzi. A Mayi Likoswe anagwira ntchito mpaka kupuma, ana awo onse anayi n'kumaliza sukulu. Mwana wawo wachiwiri ndi namwino uja amene anakubaya jakisoni chaka chatha, iwe Yamikani, ukudandaula kuti ali ndi dzanja lolemera. Sunadziwe chifukwa chimene, ine nditakuperekeza, anakanira kuti ndikhale pa mzere, n'kundipatsa mpando wake womwe. Tsopano wadziwa.